Shuga wa M'chigafa

1. Keke ziwiri

Vailet anali mtsikana wa Fomu 2 wa pakamwa pothamanga kuposa manja ake. Ndi pakamwa pomwepo pamene anadziikira msampha Lamulungu lina la mwezi wa Marichi, banja lonse litakhala pakhonde kwawo ku Kapelula.

Nkhani inali ya ukwati. A Samsoni, bambo ake, ndi a Lefina, mayi ake, anali atakhala limodzi zaka makumi awiri ndi ziwiri pa ukwati wa kwa ankhoswe basi. Chaka chapitacho a Samsoni anagona m'chipatala mwezi wathunthu chifukwa cha matenda a shuga, ndipo anabwerako chala chimodzi cha phazi lamanzere chitadulidwa. Atatuluka anati safuna Pasaka wina awapeze asanadalitse ukwati wawo kutchalitchi. Abusa anawapatsa Loweruka lotsiriza la Marichi yemweyo.

Kwathu kuno ukwati sutha popanda keke. Mkazi amadula kachidutswa n'kudyetsa mwamuna wake anthu onse akuona, mwamunanso n'kubwezera. Kukana kutsegula pakamwa pamenepo n'kunyoza mkazi wako pamaso pa mpingo wonse.

Azakhali ake a Vailet, a Angelina, anali atabwera tsikulo kuchokera pa Boma kumene ankagulitsa zitenje. Iwo ankaona ngati nzeru zonse za m'dziko zimatsikira pa depoti ya Kasungu, kumudzi kumangofika zotsalira. Anatulutsa mapaketi awiri a shuga wosalala ngati ufa uja amati aisingi, nawaponya pamphasa.

"Keke ikhale yoyera mbee ngati ya anthu," anatero. "Achimwene akadya tsiku limodzi lokha afa nazo? Musatichititse manyazi ndi zigumu zanu zakumudzi."

A Samsoni anayang'ana mapaketiwo n'kumeza malovu. Munthuyu kale ankathira masupuni asanu m'kapu imodzi ya tiyi. Tsopano panali patatha pafupifupi miyezi itatu asanalawe shuga, akungodalira timapiritsi totsekemera timene ankagula kufamase.

Vailet anapsa mtima ndi mawu akuti zigumu, pakuti m'nyumbamo wophika zigumu anali iyeyo.

"Ndiphika keke ziwiri," anatero. "Yaikulu ya alendo, muthirepo shuga wanuyo. Yaing'ono ya abambo, yopanda shuga ngakhale kambewu kamodzi. Ndipo idzayera kuposa yanuyo."

"Iweyo?" anaseka a Angelina. "Udzaiyeretsa ndi chiyani, laimu?"

Koma nkhope ya a Samsoni inali itawala kale. "Ngati ndi choncho, yaing'onoyo wina asadzaikhudze," anatero. "Ndidzaidya ndekha yonse, mpaka nyenyeswa."

Onse anaseka, ndipo Vailet anaseka nawo. Chimene sananene n'chakuti sankadziwa ngakhale poyambira.

2. Chenjezo la a Feliya

Lolemba poweruka kusukulu anadzera kwa a Feliya. Mayiwa anagwira unamwino zaka zambiri, ndipo atapuma pantchito anakhala mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano kutchalitchi. Ndiwo ankatsuka bala la a Samsoni kawiri pa sabata.

A Feliya anamvetsera mpaka mtsikanayo atatha, kenako anamulangiza pang'onopang'ono.

"N'zotheka," anatero. "Pamafunika zinthu zitatu. Mkaka wa ufa, kuti ziyere. Timapiritsi ta bambo ako tija, kuti zitsekemere. Chachitatu ndi ufa wosalala wa chinangwa, pang'ono chabe, kuti zisaumbike zibuluma. Ukumbe manyokola awiri, usende, upale pachitini chobowola ndi msomali. Ufinyire m'beseni ndi nsalu yoyera, madziwo uwasiye adikhe. Pansi patsala ufa woyera woterera ukaugwira. Umenewo uyanike uume gwa, kenako upere zonse pamodzi ndi botolo n'kusefa."

Vailet anali atanyamuka kale, chikwama chili kumsana. A Feliya anamukoka siketi.

"Khala pansi, sindinathe. Ufa umenewu umayamwa fungo la chilichonse chili pafupi. Uyanike padzuwa. Dzuwa likasowa, uyanike m'nyumba pawindo, ngakhale zitenge masiku anayi. Usayerekeze kuuika m'chigafa choumitsira fodya. Ndikukudziwani anthu a fodya inu, chilichonse chonyowa mumathamangira nacho komweko: zovala, nkhuni, ngakhale mabuku a sukulu. Fodya akamauma amagwetsa fumbi losaoneka ndi maso, lowawa ngati ndulu. Ndipo usasakanize kanthu usanalawe."

"Ndamva, amayi."

"Sunamve, ukungoyankha. Imva ichinso. Bambo ako shuga wawo sanakhazikike, ndipo bala lija silinatseke. Pa Khirisimasi wina anawamvera chisoni n'kuwapatsa botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Limodzi linaitana anzake, ndipo pofika Chaka Chatsopano maso anali atachita chifunga, phazi litatupa. Adokotala ananena poyera kuti likatupanso sadzadula chala, adzadula mwendo. Munthu wodwala amadya ndi chikhulupiriro, mwanawe. Sangapime mbale iliyonse, amangokhulupirira dzanja limene lamupatsa. Zikakukanika, ukanene kuti zakanika. Keke yosayera anthu adzaiseka tsiku limodzi n'kuiwala, koma mwendo sumeranso."

Vailet anathokoza mwaulemu. Panjira ankang'ung'udza kuti anthu akuluakulu sangapereke malangizo a keke popanda ulaliki.

3. Mvula ndi liuma

Lachiwiri anachita zonse monga anauzidwira. Zala zinasupuka ndi chitini chopalira, koma madzulo pansi pa beseni panali ufa woyera bwino, ndipo anauyala palichero.

Lachitatu kunacha ndi mvula yamvumbi, ija yosagwa mwamphamvu koma yosaleka. Lichero linakhala pawindo tsiku lonse ufa uli chinyowere. Mkati mwa nyumba munali chinyontho, zovala za ukwati zili lendelende paliponse, achibale ochokera ku Mtunthama atayamba kale kufika ndi ana awo ogwiragwira zinthu.

Kuseri kwa nyumba kunali chigafa cha bambo ake, chachitali, chofolera bwino ndi udzu ndi pulasitiki, mphepo ikudutsa mbali zonse. Chinali chodzaza ndi fodya wa bale wopachika pamikangala, masamba atayamba kufiira. M'mudzi monse munalibe malo ouma kuposa amenewo.

Vailet anakumbukira bwinobwino mawu a a Feliya. Tisamunamizire kuti anaiwala. Anangoganiza kuti iye, wobadwira mu fodya, amadziwa chigafa kuposa namwino. Anasanjika njerwa kumapeto kwa chigafa, naikapo lichero pansi penipeni pa masamba, osavundikira n'komwe kuti liume msanga.

Bambo ake sankafikako kawirikawiri chifukwa cha phazi, mayi ake anali otanganidwa ndi alendo. Palibe anaona. Pofika Lachisanu m'mawa ufa unali utauma gwa, ndipo Vailet anayenda nalo licherolo mwamatama ngati wapambana mayeso.

Keke zonse ziwiri anaphika masana, mumphika wa makala pansi ndi pamwamba. Zinafufuma bwino. Yaing'onoyo sanathiremo chotsekemera chilichonse, pakuti anafuna kuti kukoma konse kukhale pamwamba, pamene azakhali ake akaone.

Atatero anakhuthula timapiritsi tonse ta bambo ake pathebulo, osasiyako ndi kamodzi komwe. Anathirapo mkaka wonse ndi ufa wonse wa chinangwa, napera ndi botolo mpaka mikono kuwawa. Anasefa kawiri pansalu. Unatuluka ufa wosalala, wopepuka, wokongola kwambiri.

Apo m'pamene anakumbukira zolawa. Ananyambita chala.

Kutsekemera kunabwera koyamba, kenako kuwawa kunatsatira n'kukhazikika kummero. Kunali kuwawa kumene mwana aliyense wa ku Kasungu amakudziwa, kwa m'manja ukachoka kosoka fodya n'kudya usanasambe. Ananunkhiza. Ufa wonse unkanunkha chigafa.

4. Mkwiyo wosowa mwini

Vailet anakwiya koopsa. Anakwiyira mvula, anakwiyira fodya, anakwiyira ana a alendo amene anamulanda malo pawindo. Koposa onse anakwiyira a Feliya chifukwa chonena zoona. Munthu mmodzi yekha ndiye sanamukwiyire, mwini wake wa liuma lonselo.

Kuyambanso sikukanatheka. Timapiritsi tinali titatha, ndipo togulitsa tinali pa Boma, ulendo wautali pamsewu wamatope. Ufa wa chinangwa unkafuna masiku ena atatu.

Ali chiimire choncho, a Angelina anasuzumira pakhomo la khitchini, manja ali m'chiuno.

"Asayansi, zikuyenda? Laimu uja wapsa?"

Apa mpata unalipo. Akanangoti zakanika, azakhali akanaseka, n'kukafotokozera achibale onse pakhonde, nkhani n'kuthera pomwepo. Vailet anaona kusekako m'maso mwawo kusanatuluke, ndipo mtima wake unauma.

"Zatheka kale," anayankha. "Mudzaona mawa."

"Tidzaonadi. Yanga ija upake bwino, paketi imodzi ikwana. Inayo undisungire."

Atachoka, Vailet anatenga ufa wake wowawa uja n'kukaukhuthula kudzala, naukwirira ndi phulusa. Anabwerera kukhitchini, natseka chitseko, nang'amba paketi yachiwiri ija.

Anadziuza kuti angowaza pang'ono. Koma keke yaing'onoyo inalibe kukoma m'kati, ndiye anasungunula shuga ndi madzi n'kupaka. Pena panaonekera, anapakanso. Anapitiriza mpaka paketi inatsala pang'ono kutha, keke itavala chikhoto chochindikala ngati chala. Inayeradi kuposa ya alendo.

Dzuwa lisanalowe a Samsoni anabwera akutsimphina ndi ndodo yawo, naima pakhomo.

"Ndi imeneyi?" anafunsa. "Mwana wanga, wapanga wekha zimenezi? Mulibedi shuga?"

"Mulibe, abambo."

"Anthu amati kuphunzitsa mwana wamkazi n'kutaya nthawi. Abwere adzaone." Anaseka, napita kukaitana mkazi wawo kuti adzaonenso.

A Lefina anavundikira kekeyo ndi nsalu ya maluwa n'kukaiika kuchipinda kwawo, kuti ana asaitole. Vailet sanadye chakudya chamadzulo. Anati mutu ukumupweteka, ndipo aliyense anamumvetsa poti anali atagwira ntchito yaikulu.

5. Nsalu ya maluwa

Loweruka mvula inakata. Tchalitchi chinadzaza, amayi a Chigwirizano atavala zoyera, kwaya ikuimba mpaka malata kunjenjemera.

Vailet anakhala kutsogolo. Bambo ake polowa anadutsa pafupi naye, atavala suti yobwereka ndi nsapato zakuda. Nsapato yakumanzere anali ataidula pamwamba ndi mpeni kuti bandeji ikwane, n'kupaka polishi m'mbali mwa podulapo kuti pasaoneke kwambiri. Anayenda opanda ndodo, pang'onopang'ono, atagwira mkono wa mkazi wawo. Vailet anayang'ana nsapatoyo mwambo wonse, ndipo palibe mawu a abusa amene anawamva.

Madyerero anali panja, pansi pa mitengo ya mango ya patchalitchi. Keke yaikulu inali poyera, yaing'ono ili chivundikirire pambali pake. A Samsoni anapempha madzi akumwa, anamaliza kapu, napemphanso ina. Anthu anati ndi suti, kunja kwatentha.

Mkulu woyendetsa mwambo anaimirira. "Tsopano tafika pa keke. Ndauzidwa kuti yaing'onoyi ndi yapadera. Yapangidwa ndi mwana wawo Vailet, yopanda shuga, kuti bambo adye mopanda mantha. Tiwombe m'manja."

Anthu anawomba m'manja, amayi analuluta. Ngakhale a Angelina anawomba, milomo ili yopotoka. A Feliya anayang'ana Vailet n'kumugwedezera mutu momuyamikira. Kugwedeza kumeneko ndiko kunamupweteka kuposa zonse.

A Lefina anatenga mpeni. Vailet anaimirira.

"Amayi, musawapatse."

Phokoso linachepa. Mayi ake anamuyang'ana mpeni uli m'manja.

"Musawapatse. Muli shuga. Ufa wanga uja ndinauyanika m'chigafa, unawawa, ndinataya. Pamwambapo ndi shuga wa azakhali, pafupifupi paketi yonse. Ndinanama."

Woyamba kupeza mawu anali a Angelina, ndipo sanawasankhe.

"Mwana wopanda khalidwe iwe. Wandibera shuga, wanamiza bambo ako, ndiye wasankha pano, pamaso pa abusa, kuti utivule? Sukanatha kudikira tifike kunyumba?"

"Akanadikira tikanakafika ndi mtembo wa mwendo," anayankha a Feliya akuimirira. Mawu awo sanakwere, koma anamveka mpaka kumbuyo. "Inu a Angelina khalani pansi. Ndinu munayamba kunena kuti tsiku limodzi silipha, ndipo mwana anakumvani. Achibale otere ndawaona zaka zonse za ntchito yanga. Mumabwera ndi chisoni cha m'botolo ndi cha m'paketi, wodwala akagonekedwa inu muli kwanu. Ndipo iwe Vailet, usaganize kuti kuulula kwakuyeretsa. Ndinakuuza za chigafa, ndinakuuza zolawa, ndinakuuza kuti zikakanika unene. Zitatu zonse unaziponda chifukwa choopa kusekedwa. Wachita bwino kuyankhula, koma unayenera kuyankhula dzulo."

Vailet anaweramitsa mutu, misozi ikugwera pa diresi. Mumtima munali manyazi, komanso kampumulo pang'ono. Anthu aseke, azakhali atukwane, koma keke sinadyedwe.

A Samsoni anasendera pafupi ndi keke yaing'onoyo. Anatambasula dzanja n'kuchotsa nsalu ya maluwa ija.

Pambalepo panali theka la keke. Theka linalo kunalibe, ndipo podulapo panali pokhotakhota, pooneka kuti anadula munthu wothamanga.

"Ndinadzuka m'mamawa," anatero a Samsoni motsitsa. "Mayi ako atapita kukasamba, ndinati ndingolawa. Inakoma kwambiri. Ndinati, si yanga yomwe, mwana wanga wandipangira? Ndinadya ngati mwana wakuba, ndikuseka ndekha." Anapukuta thukuta pamphumi. "Miyezi itatu ndakana shuga kwa aliyense, Vailet. Kumaliro ndakana, kumsika ndakana. Kwa iwe sindinafunse kawiri."

A Lefina anaika mpeni pathebulo n'kukhala pansi, manja ali kumutu.

A Feliya anali atafika kale pambali pa a Samsoni. Anawagwira pamkono, nawayang'ana lilime.

"Mwamwa makapu angati a madzi chidzukireni?"

"Sindinawerenge."

"Mankhwala a m'mawa munamwa?"

A Samsoni anayang'ana pansi. "Ndi piringupiringu wa ukwatiyu, ndinaiwala."

"Wina athamangire njinga yamoto pamsewu," analamula a Feliya. "Sitidikira madyerero. Apite kuchipatala akapimidwe tsopano lino."

Anthu anabalalika, mipando ikugwa. Vailet anagwada patsogolo pa bambo ake, pafupi ndi nsapato yodulidwa ija.

A Samsoni anatsinzina, natsegula maso, natsinzinanso.

"Vailet ali kuti?" anafunsa. "Aime poyera. Kukuchita chifunga."

"Ndili pano, abambo. Patsogolo panu."

Njinga inafika ikulira, matayala ali matope okhaokha. Amuna awiri anakweza a Samsoni pakati, phazi la bandeji lili lendelende. Panatsala malo a munthu mmodzi wowagwira kumbuyo, ndipo a Lefina anayamba kukwinya diresi lawo laukwati kuti akwere. A Feliya anawaletsa.

"Inu mubwera ndi ine pa njinga yachiwiri. Apa akwere Vailet. Adokotala akafuna kudziwa chimene munthuyu wadya, kuchuluka kwake, ndi amene anamupatsa. Akayankhe yekha."

Vailet anakwera, nakumbatira bambo ake m'chiuno. Suti inali yonyowa ndi thukuta, ndipo m'thumba la jekete dzanja lake linakhudza kanthu kofewa kokulunga m'pepala. Kanali kachidutswa kena ka keke, kamene a Samsoni anasungira kudya panjira.

Anakatulutsa mwakachetechete kuti akataye. Dzanja la bambo ake linagwira lake.

"Usataye," anatero a Samsoni osatembenuka. "Ukawaonetse adokotala."

Njinga inalowa mumsewu wa ku Boma, Vailet atafumbata kekeyo m'manja.